Nalungwe Wogwira Ana ndi Kiyi Amene Anapita Kovina

Dinah Nalungwe analembedwa ntchito yokolopa. Zimenezi zimveke kaye, chifukwa anthu ena a kumapiri kuja amalankhula ngati iye anachita kupempha yekha kuti azipanikiza ana a eni patebulo. Ayi ndithu. Anapatsidwa ndowa, chikolopa ndi yunifolomu yobiriwira yomuthina m'mapewa, n'kuuzidwa kuti pansi pa chipatala pazikhala powala. Zogwira ana zinabwera pambuyo, ndipo zinabwera chifukwa cha mikono yake.

Mikono imeneyo anatengera bambo ake, mlimi wa khofi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese, amene anabereka ana aakazi okhaokha n'kumawasenzetsa matumba ngati anyamata. Dinah anakula akukwera ndi kutsika zitunda katundu ali pamutu. Sukulu anangoilawa. Chichewa anachitolera pamsika ndi pawayilesi, ndipo mpaka kukalamba kwake akapsa mtima chinkamuthawa, n'kuyamba kukalipa m'chilankhulo cha kwawo. Anakwatiwa akadali mtsikana. Mwamuna wake anapita kumigodi ku Zambia, anatumiza bulangete limodzi ndi nsapato zosamukwana, kenako zii. Mwana mmodzi yekha amene anabereka anamwalira ndi chikuku asanayambe n'kuyenda komwe. Nanga akanatani? Anamva kuti pachipatala chaching'ono cha kutsidya kwa mtsinje akufuna mayi wokolopa, anapita, anamulemba.

Chipatalacho sichinali choti munthu n'kunyadira. Panali chipinda cha amayi oyembekezera, wodi imodzi yogawidwa pakati ndi nsalu, ndi kachipinda kotsukira mabala momwe munali tebulo lachitsulo ndi kabati yoyera yokhomedwa kukhoma. Dokotala weniweni ankabwera mwa apo ndi apo, msewu ukalola. Amene anthu ankamuti adokotala anali wothandiza dokotala chabe, ndipo pambali pake panali namwino mmodzi.

Tsiku lina kunabwera kamtsikana ka chithupsa chachikulu pantchafu, chofunika kuchiboola. Bambo ake anayesa kukagwira, kanawapulumuka. Namwino anayesa, kanamumenya ndi chidendene pamphuno. Adokotala a nthawi imeneyo anasuzumira pakhomo n'kuona Dinah akufinya chikolopa.

"Iwe wa chikolopa, tabwera kuno. Mikono yonseyo n'njokolopera basi?"

Umu ndi mmene zinayambira. Palibe anamuphunzitsa, anadziphunzitsa yekha. Mwana umamukulunga m'shiti ya pabedi mikono ili m'mbali, umagoneka chifuwa chako pachifuwa chake, mutu wake umaupanira pakati pa mkono ndi phewa, mwendo wako umodzi n'kupingasa pamaondo ake. Ukatero mwana sasuntha, akhale wamphamvu bwanji. Chimene chimasuntha ndi mtima wake wokha, ndipo Dinah ankaumva ukugunda ngati kambalame kogwidwa m'manja. Amayi a anawo ankathawira panja atatseka makutu. Ana ena ankamukodzera, ena ankamuluma, moti mkono wake wamanzere unadzaza zipsera za timano. Iye ankangoika pakamwa pake pakhutu la mwanayo n'kumanong'ona kuti zatha, zatha, pamene zinali zisanayambe n'komwe. Akaweruka ankafika kunyumba osafuna kudya.

Chodabwitsa n'chakuti makolo ankamuthokoza. Wina ankabwera ndi phava la nthochi, wina nyemba zomanga pakansalu, wina mpaka nkhuku, akuti pakanapanda a Nalungwe mwana wathu sakanasokedwa. Mbiri inamveka mpaka kumidzi ya kutali kuti pachipatala paja pali mayi amene mwana samupulumuka. Dinah ankalandira ndi manja awiri, pakuti kukana mphatso ndi mwano, koma nthochizo ankazigawa kuwodi. Sizinkamulowa. Munthu angadye bwanji nthochi zomuthokoza kuti wapanikiza bwino mwana?

Kwa zaka zambiri ankaganiza kuti umu ndi mmene Mulungu analengera zinthu: wamkulu akavulala amabayidwa jakisoni wopha ululu, mwana akavulala amagwiridwa. Amene anamutsegula maso anali a Bizwell Mhango, adokotala a ku Rumphi amene anakhalapo nyengo yochepa. Iwowa mwana akabwera atapsa kapena atathyoka, ankayamba amukweza pasikelo ya ana, n'kuitana namwino kuti atsegule kabati yoyera ija. Ankakoka timadzi tochepa kwambiri, tolingana ndi kulemera kwa mwanayo, n'kumubaya, n'kukhala pansi kudikira. Kulira kuja kunkazilala, maso ankalemera, thupi n'kulefuka. Ndiye a Mhango ankati, "A Nalungwe, lero musagwire. Muziyang'ana chifuwa chake. Chikamakwera n'kutsika, zili bwino. Chikayamba kuchedwa, mundiuze msanga." Dinah ankayang'ana chifuwacho osaphethira, manja ake atasowa pogwira. Abale inu, kani n'zotheka! Ana onse aja anawapanikiza mankhwala ali pomwepo kukhoma, pamwamba pa mutu wake?

A Mhango anasamutsidwa mwadzidzidzi. Chifukwa chake palibe anafunsa, pakuti masiku amenewo, a chipani chimodzi, funso linkagonetsa munthu kutali ndi kwawo. M'malo mwawo munabwera a Cuthbert Likongwe a ku Ntcheu, bambo waukhondo, wa nsapato zowala, amene anaphunzira kunena kuti monire ndi yewo, moni ndi zikomo wa kumpoto, koma mapiri aja ankawayang'ana ngati chilango. Nkhanza analibe, tisawanamizire. Chimene anali nacho ndi mantha, ndipo mantha awo anali okwanira mudzi wonse. Ankaopa kabati, ankaopa akuluakulu a ku boma, ankaopa ayufi a malaya ofiira amene ankaima pachipata kufunsa odwala makadi a chipani.

"Jakisoni ameneyu ndi woopsa kwa ana," ankatero. "Mwana akagona osadzuka, akamangidwe ndani? Ine! Koma kulira sikupha munthu. A Nalungwe, tengani shiti."

Zoopsa zinalipodi, Dinah sankakana. Nanga si n'chifukwa chake a Mhango ankayeza pasikelo n'kukhala pansi kuyang'anira? Koma kukhala pansi kumafuna nthawi ndi mtima, pamene shiti inali yachangu. Chimene chinkamuwawa n'chakuti mphunzitsi wamkulu wa pasukulu atabwera ndi chala chotupa, kabati inatsegulidwa asanakhale n'komwe pampando. Wapolisi wina, chimunthu chonse chija, anabayidwa jakisoni chifukwa cha chithupsa cha kumalo okhalira, ndipo anachita kubuula ngati akubereka. Koma mwana wa mlimi, khungu likulendewera, ankati tengani shiti. Timabotolo tina tinkakhalitsa m'kabati momwemo mpaka nthawi yake kupitirira, n'kukhala tosagwiranso ntchito. Dinah anafunsapo namwino kuti nanga ndi ndani wapindula, namwino anangoti iye amasunga kiyi basi, wolamula ndi adokotala.

Ankang'ung'udza Dinah, ankamenyetsa ndowa pansi, ankakolopa dala pamapazi pa a Likongwe, ndipo nthawi zina iwo ankagonja bala likakhala lalikulu zedi. Koma kawirikawiri ankatenga shitiyo. Ntchito inali yomweyo, kumudzi kunalibe womudyetsa, ndipo ankadziuza kuti akakana iye agwira wina wosadziwa, n'kuthyola mwana nthiti.

Namwino wa nthawi imeneyo anali sisita Emelda, mtsikana wofatsa wa ku Mulanje. Lamulo linali lakuti kiyi wa kabati asachoke pathupi pake, choncho ankamumanga ndi pini m'kati mwa bulauzi, ngakhale popita kutchalitchi.

Chaka chimene tikunenachi, mwezi wa Okutobala, amayi onse a deralo ankasonkhana pabwalo la sukulu kukonzekera magule a Tsiku la Anakubala. Sizinali zofunsa kuti ukufuna kapena ayi. Aphunzitsi aakazi ankasiya ana m'kalasi, amayi a kumudzi ankasiya makasu, sisita Emelda ankasiya chipatala. Dinah yekha ndi amene anamukhululukira, chifukwa mayi Dorothy, tcheya wa amayi a chipani, anati kavinidwe kake kanali ngati ka munthu woponda dothi la njerwa ndipo kankasokoneza mzere. Dinah sanadandaule nazo.

Mwezi womwewo ndi umene anthu a kumeneko amatentha visoso: amadula nthambi, amaziunjika m'munda, n'kuzitentha kuti paphulusa lakelo adzafesepo mawere mvula ikagwa. Phulusa la visoso limanamiza. Pamwamba limaoneka loyera, lozizira, lofewa ngati ufa, pamene pansi moto udakali wamoyo. Wamkulu amadziwa zimenezi. Vera, mwana wa mayi wina wachitsikana dzina lake Flora, anali asanakwanitse zaka zisanu, ndipo anathamangira pakati penipeni.

Flora anafika naye ali kumsana dzuwa lili paliwombo. Pachipata panalibe womufunsa khadi, pakuti ayufi onse anali kubwalo. Mwanayo mawu anali atayamba kale kusasa. Wina panjira anali atamupaka dzira laliwisi, ndiye phulusa, dothi ndi khungu zinali zitamatana kuyambira kuzala mpaka mu akakolo. A Likongwe anayang'ana n'kupukusa mutu.

"Zonsezi n'zofunika kuchotsa. Uyu yekha ndiye wofunikadi jakisoni." Anayang'ana kabati, anayang'ana pakhomo, n'kuusa moyo. "Koma sisita ali kubwalo. A Nalungwe, tengani shiti."

"Sinditenga," anatero Dinah.

Chiyambire ntchito, mawu amenewo anali asanatulukepo m'kamwa mwake. A Likongwe anatembenuka ngati lalankhula ndi tebulo.

"Mwati bwanji?"

"Mwanena nokha, adokotala, kuti ndi wofunika jakisoni. Mapazi onse awiriwa mumusende ali maso? Ine ayi. Ndikatenga kiyi."

"Kubwalo? Mayi, mutu wanu ukuyenda bwino? Kwabwera alendo ochokera ku boma lero, odzasankha amayi okavina kumzinda. Mukufuna tonse tikagone m'chitokosi?" Anatsitsa mawu, maso ali kuwindo. "Ine sindinakutumeni. Mwamva? Sindinakutumeni."

"Ndamva. Inu muzingomuthira madzi ozizira n'kumuphimba. Mundidikire."

Anagwada pafupi ndi Flora n'kumuuza m'chilankhulo cha kwawo kuti alimbe mtima, mankhwala alipo, mwana agona ndipo samva kanthu. Flora anangogwedeza mutu. Iye mwini anali ndi mlandu wake mumtima: tsiku limenelo anali atazemba kugule kuti akaone munda, ndipo sankafuna kuti dzina lake likamveke kubwaloko.

Dinah anatsika chitunda, anawoloka mtsinje osavula nsapato, anakwera tsidya linalo mpweya ukumuthera. Ankadziwa bwino lomwe kumene akupita. Anali ataonapo munthu akukwezedwa m'galimoto chifukwa choseka pamsonkhano, nanga iye wokasokoneza gule? Koma akatseka maso ankaona timapazi tija, ndipo miyendo inkapita yokha. Pabwalo panali fumbi lofika m'mitengo, amayi atandanda mizere yozungulira, onse atavala nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. Alendo anali pamipando pansi pa mtengo, ayufi ataima kumbuyo kwawo. Nyimbo yake inali yothokoza kuti masiku ano amayi ndi ana akugona tulo tabwino.

Munthu asanene kuti Dinah analibe mwambo. Anayamba wazungulira kumbuyo, n'kugwada pafupi ndi mpando wa mayi Dorothy, n'kuwomba m'manja, n'kufotokoza chapansipansi: mwana wapsa mapazi, kiyi wa mankhwala ali ndi sisita, iye akupempha kiyi yekhayo basi, sisita azivina.

Mayi Dorothy sanatembenuze ndi khosi lomwe. "Chipatala sichithawa, a Nalungwe. Simukuona alendo? Nyimbo ithe kaye."

Anadikira ali chigwadire. Nyimbo inatha, a ng'oma sanapume n'komwe, inayamba ina. Inatha imeneyo, mlendo wina anati mzere wakumbuyo sunakhote bwino, abwereze. Dinah anawombanso m'manja. Mayi Dorothy anamukankha ndi chigongono ngati akuingitsa nkhuku. Ha! Tsiku la Anakubala! Nakubala weniweni ali uko wafungatira mwana wosendeka mapazi, kuno akuwongola mizere. Apa Dinah zinamukwana. Anadzuka, anasasa maondo, n'kulowa m'bwalo.

Yunifolomu yobiriwira pakati pa nsalu za chipani inaonekera kutali. Amayi ankamupatuka koma mapazi osasiya kuvina, pakuti woyamba kuima ndi amene akanafunsidwa. Sisita Emelda anamuona akubwera, anatong'ola maso, koma kumwetulira sanasiye.

"Chokani, a Nalungwe," analankhulira m'mano. "Mundipalamulira."

"Kiyi, mwana wanga. Kiyi yekha."

"Sindingaime! Akutiyang'ana!"

Dinah anayenda naye m'mbali, uku akupempha, uku Emelda akuvina misozi ili m'maso. Kenako anachita chimene manja ake ankadziwa. Anamukulunga ndi mkono umodzi, mikono ya Emelda n'kupanikizika m'mbali, dzanja linalo n'kulowa m'bulauzi kukamasula pini. Sizinatenge nthawi. Koma pogwedezana paja nsalu ya m'chiuno mwa Emelda inamasuka n'kugwa pansi, ndipo amayi a kumbuyo, amene sakanatha kuima, anaiponda. Uyu waponda, uyo waponda, winanso waponda. Ng'oma zinaleka zokha.

Maso onse pabwalo anali pansaluyo. Nkhope ya mtsogoleri ija inali m'fumbi, chidindo cha phazi chili pachipumi. Mayi wina anagwira pakamwa. Dinah anatola nsaluyo, anaikutumula, anaipereka kwa Emelda ndi manja awiri n'kunena kuti pepani. Kumbuyo kwake anamva mawu a mwamuna akufunsa modekha kuti mayi ameneyu dzina lake ndani. Tanthauzo la funso limenelo ankalidziwa, nanga ndani sankalidziwa? Koma kiyi anali m'manja mwake, ndipo analiyatsa liwiro.

Munthu wa thupi ngati iye kuthamanga chitunda chija, ana a sukulu anaseka. Iye sanawamve. Atayandikira chipatala anatchera khutu, kulira kunalibe. Mtima unakhala pansi. Mumtima anati adikira, Mulungu awadalitse a Likongwe, adikira ndithu.

Analowa m'kachipinda kaja kiyi ali m'mwamba. A Likongwe anali pabeseni akusamba m'manja. M'ndowa munali thonje lamagazi ndi zikhungu zakuda. Vera anali patebulo, mapazi onse atakulungidwa mabandeji oyera, omangidwa mwaluso ndithu, nkhope atalozetsa kukhoma, thupi lonse likunjenjemera. Sankalira chifukwa mawu anali atamuthera. Shiti inali pansi, yonyowa. Pakona panali Flora, atakhala chotambalala, bulauzi itang'ambika paphewa, padzanja pake pakutuluka magazi pamene mwana wake anamuluma.

"Mwamugwiritsa mayi ake?" anafunsa Dinah.

A Likongwe anapukuta manja chala chimodzichimodzi. "Sindikanadikira, a Nalungwe. Taganizani. Mukanabwera ndi kiyi, ine n'kutsegula kabati, akanati wakutumani ndine. Tsopano aliyense aona kuti ine kiyiyo sindinamufune, ntchito ndinali nditamaliza kale. Inenso ndili ndi ana." Anaponya maso kutebulo n'kuwachotsako msanga. "Ndi mwana uyu. Mawa aiwala."

Zoona, munthu wophunzira kusenda mwana ali maso kuti dzina lake likhale loyera! Ndipo kugwiritsa mayi ake, mtsikana wamantha amene sakanatha kukana mawu a adokotala! Chichewa chinamuthawa Dinah. Anawakalipira m'chilankhulo cha kwawo, mawu oti sitingawabwereze pano, ndipo a Likongwe ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe, tanthauzo lake analimva. Odwala a panja anadzaza pawindo. Mpweya utamuthera, anamenyetsa kiyi pambali pa beseni.

"Tsegulani."

"Koma zatha kale, mayi."

"Zatha kwa inu. Tamuonani mwanayo mmene akunjenjemerera. Tsegulani, apo ayi ayufi akabwera ndiwauza kuti munandituma ndinu."

Bodza limenelo likanawamiza, ndipo anadziwa. Mantha omwe aja ndi amene anatsegula kabati. Dinah ananyamula Vera n'kumuika pasikelo, a Likongwe anakoka timadzi tija, anamubaya. Flora anadzuka pakona paja kuti asisite mwana wake pamutu. Dzanja lisanafike, Vera anadzikoka, anabisa nkhope, n'kutulutsa kamawu kosasa kamene Dinah anali asanamvepo mwa mwana aliyense. Flora anabweza dzanja lake ngati wagwira mbaula. Anayesanso, akumutchula dzina, akumuuza kuti ndine, ndine amama ako, mwana anakana. Mpaka tulo tinamutenga, Vera sanalole kuti mayi ake amukhudze.

Dinah anamunyamula kupita naye kuwodi, anakhala pambali pa bedi n'kumayang'ana chifuwa chikukwera n'kutsika. Anali akuyang'anabe pamene ayufi awiri ndi wapolisi anafika dzuwa litapendeka. Anawauza kuti adikire mwana adzuke kaye, ndipo kaya anaopa mikono ija kaya anachita manyazi, anadikiradi pakhonde.

Zimene zinamuchitikira ku boma ndi nkhani ina, ndipo iye mwini sankakonda kuikamba. Anabwerera mvula itagwa kale, atawonda, dzino limodzi palibe, ntchito itatha. Sisita Emelda, amene sanalakwe kanthu kupatula kuvala nsalu yosamanga bwino, anasamutsidwira kutali. A Likongwe anakhalabe pomwepo mpaka anakwezedwa pantchito. Dinah analima nyemba ndi nthochi pamunda wa malemu bambo ake n'kumagulitsa pamsika, ndipo pachipatala sanapondenso ngakhale malungo amugwire chotani. Anthu akamufunsa monong'ona ngati ankanong'oneza bondo pa za nsalu ija, ankati nsalu amachapa. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali china, chimene chinachitika tsiku lomwe lija asanamutenge.

Vera atadzuka, Dinah anavula yunifolomu, anaipinda, anavala nsalu yake n'kutulukira pakhonde pomwe wapolisi ankamudikira. Flora anamutsatira n'kumugwira pamkono. Anali atayesa kumwetsa mwana madzi, mwana anakana kapu ili m'manja mwa mayi ake, n'kukailandira kwa mayi wina wachilendo wa pabedi loyandikana.

"Amama," anatero Flora, "adokotala akuti aiwala. Inu mwagwira ana ambiri. Ndiuzeni zoona. Aiwala?"

Dinah anamuyang'ana mtsikanayo, bala la mano lili padzanja. Anaganiza za Esau wokonza njinga pamsika, bambo wa ndevu zake ndi ana ake, amene iye anamugwira ali kamwana atathyoka mkono, ndipo mpaka tsiku limenelo akakumana naye panjira ankapatukira kutchire. Anaganiza za atsikana okwatiwa amene ankabwera kusikelo ndi makanda awo n'kumazungulira kuseri kwa chipatala kuti asadutse pamene iye akukolopa. Mwa onse amene anawagwira, sankadziwa ndi mmodzi yemwe amene anaiwala. Koma aja ankathawa mayi wachilendo wa yunifolomu yobiriwira, woti sakhala naye nyumba imodzi. Vera uyu ankayenera kubwerera kumudzi ali kumsana kwa amene anamugwirayo, kudya m'manja mwake, kugona naye mphasa imodzi.

"Aiwala, mwana wanga," anatero Dinah. "Ana amaiwala."

Flora anagwada pansi n'kuwomba m'manja. "Yewo, amama. Yewo."

Dinah anatsika masitepe, wapolisi patsogolo, ayufi pambuyo, ndipo sanacheuke, kuopa kuti Flora angamuone nkhope.